Sukulu, njala ndi mvula yosadalirika ku Chama

Palibe msonkhano wa zanyengo umene umatha popanda wina kuimirira n'kunena kuti anthu aphunzitsidwe. Mawuwa ndi akale ndithu. Pangano lokhudza kusintha kwa nyengo lomwe mayiko anasainira ku Rio de Janeiro mu 1992 lili ndi gawo 6 lonena za maphunziro, ndipo pangano la ku Paris la 2015 linabwereza zomwezo m'gawo 12. Zambia nayo inalemba ndondomeko yake ya zakusintha kwa nyengo mu 2016, ndipo mu 2021 inakhazikitsa unduna woona za chilengedwe ndi chuma chosawononga dziko. Pamapepala nkhaniyi inatha kale. Funso limabuka mapepalawo akafika kumalo ngati Chama, komwe msewu umaduka dzinja likafika pachimake, komwe njovu zingathe kumaliza munda usiku umodzi, komwenso mwana amayamba sukulu m'chinenero chimene sayankhula kwawo: kodi ndi maphunziro ati amene angamuthandize munthu wa kumeneko? Ine ndikuti phunziro lolembedwa pa bolodi kuti "kusintha kwa nyengo" si limene liyenera kukhala patsogolo. Patsogolo pakhale sukulu wamba yogwira ntchito yake, yotulutsa mwana wodziwa kuwerenga, kuwerengera ndi kufunsa mafunso, yolumikizananso ndi munda, mtsinje ndi msika umene mwanayo adzadalire akadzakula.

Boma la Chama lili kumtunda kwa chigwa cha Luangwa, m'malire ndi dziko la Malawi. Kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 17,000, pomwe anthu ake, malinga ndi kalembera wa 2022, angopitirira pang'ono 140,000. Midzi ndi yotalikirana, motero sukulu imodzi kapena mlangizi mmodzi wa zaulimi amatumikira dera lalikulu zedi. Ambiri mwa anthuwa ndi Asenga, okhala pansi pa mafumu asanu ndi awiri: mfumu yaikulu Kambombo, Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Mulilo ndi Lundu. Mu 2011 bomali linachotsedwa m'chigawo cha Kum'mawa n'kuikidwa m'chigawo chatsopano cha Muchinga, mu 2021 n'kubwezedwanso Kum'mawa, koma kaya likulu likhale Chinsali kaya Chipata, ulendo wake ndi wautali. Moyo wa anthu wagona pa mvula. Mpunga wa ku Chama, womwe umadziwika mpaka m'masitolo a ku Lusaka, umalimidwa m'madambo odalira madzi a mvula ndi a mitsinje yosefukira, kawirikawiri popanda damu kapena ngalande yoti mlimi n'kutsegula ndi kutseka. Madzi akachepa mpunga umauma usanabereke. Akachuluka mopitirira umakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga. Chimanga, thonje, mtedza ndi mapira nazo zimadikira mvula yomweyo. Mbali yaikulu ya bomali ili m'dera losungirako nyama la Musalangu, loyandikana ndi paki ya North Luangwa, ndiye mlimi amagawana madzi ndi njovu, mvuu ndi njati, ndipo chaka cha chilala nyamazi zimayandikira kuminda ndi kuzitsime kuposa kale. Akatswiri anapeza kuti kutentha m'Zambia kwakwera ndi madigiri pafupifupi 1.3 kuchokera mu 1960. Chigwa n'chotentha kale, choncho chimamva msanga: nthaka imauma mofulumira, ndipo ng'amba imene kale mbewu zikanapirira tsopano imatha kuzipsereza.

Nanga mwana wa dera lotere aphunzitsidwe chiyani za nyengo? Bungwe la UNESCO litaunika masilabasi a mayiko 100 mu 2021 linapeza kuti 47 mwa iwo sankatchula n'komwe za kusintha kwa nyengo, ndipo pakhala kalikiliki woti mutuwu ulowe m'mabuku. Ulowe ndithu. Mwana ayenera kudziwa chifukwa chimene dziko likutenthera: kuti utsi wa malasha, mafuta ndi gasi wachulukitsa mpweya wa kaboni mumlengalenga, ndipo mpweyawo umatsekereza kutentha komwe kukanabwerera kumwamba. Zambia ilinso ndi mbiri yonyaditsa pophunzitsa ana za chilengedwe, poti makalabu a Chongololo akhala ali m'masukulu kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Vuto limabwera phunzirolo likathera pa kuloweza tanthauzo ndi kubzala mbande pa tsiku la mwambo, mbande zomwe mbuzi zimadya alendo asanafike n'komwe kuboma. Limakula kwambiri phunzirolo likasanduka mlandu, mwana n'kumapita kwawo akuganiza kuti mvula yasokonekera chifukwa amayi ake amaphikira nkhuni. Mayiko onse a mu Africa pamodzi satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha padziko lonse. Munthu mmodzi wa ku Zambia, tikagawa mofanana, safika ngakhale tani imodzi pachaka, pomwe wa ku America amaposa matani 13. Kusamala nkhalango kuli ndi phindu lenileni ku Chama, chifukwa mitengo ya m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje ndiyo imachepetsa liwiro la madzi ndi mchenga wokwirira madambo. Koma ngakhale anthu a ku Chama atasiyiratu kudula mitengo, dziko lidzapitirira kutentha. Ntchito yaikulu ya maphunziro kumeneko ndi kuthandiza anthu kupeza chakudya ndi kupulumuka m'nyengo imene anaisokoneza ndi ena.

Umboni umene ulipo ukuloza ku sukulu wamba. Mu 2014 Wolfgang Lutz, Raya Muttarak ndi Erich Striessnig anafalitsa m'magazini ya Science zimene anapeza ataunika ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mayiko oposa 100 pa zaka makumi angapo. Kumene anthu ambiri, makamaka amayi, anafika kusekondale, imfa zobwera ndi madzi osefukira, chilala ndi mphepo zamkuntho zinali zochepa, ngakhale poyerekeza mayiko ofanana pa chuma. Anthu amenewo sanaphunzire za nyengo m'kalasi. Ambiri anamaliza sukulu mutuwu usanatchuke. Sukulu inawapatsa luso lomva chenjezo n'kuchitapo kanthu, lotsatira malangizo a kuchipatala, lopeza ntchito ina munda ukakanika, ndiponso kulimba mtima kokagogoda pa ofesi ya boma. Kafukufuku wina wa mu 2021, wogwiritsa ntchito mayankho omwe bungwe la Afrobarometer linasonkhanitsa m'mayiko 33 a mu Africa, anapeza kuti anthu 37 okha pa 100 ndi amene anamvapo za kusintha kwa nyengo n'kumadziwanso kuti akuchititsa ndi anthu, ndipo chomwe chinkasiyanitsa kwambiri odziwa ndi osadziwa ndi pamene munthu analekezera sukulu. Tsono taonani pamene Zambia yaima. Pa mayeso a PISA for Development omwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, mwa ana a zaka 15 omwe anali pasukulu, 5 okha pa 100 ndiwo anafika pa mlingo wochepetsetsa wa kuwerenga momvetsa, ndipo pa masamu anali 2 okha. Amenewo ndi a dziko lonse, kuphatikizapo a m'matauni, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti kuchigwa zinali bwino kuposa apo. Kuwonjezera mutu watsopano m'buku limene mwana sangathe kuliwerenga n'kudzinamiza chabe.

Kuti tione zimene kuwerenga ndi kuwerengera kumachita m'munda, titenge dzinja la 2023/2024. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linalengeza mu Julayi 2023 kuti El Niño wayamba, ndiko kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Kunali kutatsala miyezi inayi kuti anthu ayambe kubzala. Komabe pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi: mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anali atapserera, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pambuyo pake zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani oposa 3.2 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Chenjezo linalipo, koma silinafike pa khasu. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mmene ulosi wa zanyengo umayankhulira. Sunena kuti mvula idzagwa tsiku lakuti. Umanena kuti mpata woti ichepe ndi waukulu kuposa woti ichuluke. Munthu wosazolowera masamu otere akamva kuti mvula ichepa, kenako n'kuona chimvula chikukhuthuka mu Disembala, amati a zanyengo ndi abodza, ndipo chaka chotsatira sawamveranso. Wozolowera amagawa munda: mbali ina chimanga chocha msanga, ina mapira kapena chinangwa, mpunga kumunsi kwenikweni kwa dambo komwe chinyontho chimakhalitsa. Amatembenuza paketi ya mbewu n'kuona kuti iyi imacha pa masiku 120 pomwe inayo imafuna 150, n'kuzindikira kuti mwezi wosiyanawo ndi umene ungamupulumutse mvula ikaleka msanga. Zimenezi zingaphunzitsidwe pa sukulu iliyonse ya pulayimale popanda kompyuta. Chida choyezera mvula n'chotchipa, ndipo ana angamasinthane kuchiwerenga m'mawa uliwonse n'kulemba mamilimita m'kope. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000 a madzi. Mwana wa giredi 5 angawerengere yekha madzi amene agwa pa munda wa kwawo usiku wathawu, ndi amene denga la kalasi likanakolola pakanakhala thanki. Pakatha zaka khumi, sukulu yotere ya kwa Chifunda kapena kwa Chibale ingakhale ndi kaundula wa mvula wa dera lakelo, chinthu chimene ngakhale a zanyengo ku Lusaka angachisirire.

Apa pakubuka nkhani ya chinenero. Zambia inasankha zinenero zisanu ndi ziwiri zoti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chisenga, chomwe ndi chapachibale ndi Chitumbuka, palibepo. Mwana wa ku Chama amakumana ndi Chinyanja m'kalasi, n'kudzalemba mayeso m'Chingelezi, pomwe maina a udzu wa m'dambo, mitambo ndi mphepo amawadziwa m'Chisenga. Ife olemba ndi kuwerenga Chichewa tisamaganize kuti poti zinenerozi zimafananako ndiye kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri savutika. Kusindikiza mabuku onse m'Chisenga kungatenge zaka, koma mphunzitsi wotumizidwa kuchokera ku Copperbelt kapena kum'mwera angathandizidwe lero lomwe kuti aziyambira pa mawu amene ana ali nawo kale, ndipo uthenga wa zanyengo wa pa wailesi uzifika m'chinenero chimene agogo akumva osafuna womasulira.

Ena amati makolo ankaidziwa nyengo sukulu isanabwere, ndipo sukulu ndiyo inaphunzitsa ana kunyoza nzeru zimenezo. Sakunama kwenikweni. Anthu a m'chigwa akhala ndi chilala ndi madzi osefukira kwa mibadwo yambiri, ndipo anali ndi njira zawo: munda wina kumtunda wina kudimba, mapira ndi mawere pambali pa chimanga, mfutso wa m'chilimwe, kuyang'ana mphepo, mbalame ndi kuphuka kwa mitengo pofuna kudziwa ngati mvula yayandikira. Mtengo wa msangu, womwe umayoyola masamba m'dzinja n'kusiya mbewu zikukondwa pansi pake, alimi anaudziwa asayansi asanaulembe m'mabuku. Koma zizindikirozi zinasonkhanitsidwa m'nyengo imene ikupitayi. Mtengo ungaphuke chifukwa kwatentha msanga, mvula ikadali kutali. Njira yolemekezera nzeru za akulu ndi kuziyesa: kope la mvula lija likhale ndi tsamba lolembapo zimene agogo analosera ndi zimene a zanyengo analosera, ndipo dzinja likatha ana aone kuti zachitika ndi ziti. Mbali zonse ziwiri zidzakhala ndi zolondola ndi zophonya, ndipo mwanayo adzakhala ataphunzira sayansi yeniyeni.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti wanjala samva phunziro, ndipo umboni wake unachokera ku Chama komweko. Mu 2011, chilimwe chili pakati, mvuu 85 zinafa ndi matenda oganiziridwa kuti ndi anthrax, ndipo mu Sepitembala chaka chimenecho kunamveka kuti anthu 511 adwala, asanu n'kumwalira. Matendawa amakonda nyengo youma, pamene madzi aphwa, mvuu zaunjikana m'maiwe otsala ndipo zikudya udzu mpaka kufukula dothi momwe tizilombo take timagona zaka zambiri. Ofufuza a ku Zambia pamodzi ndi a bungwe la CDC la ku America anafunsa anthu 284 a m'midzi yokhudzidwayo. Anthu 84 pa 100 anali atadya nyama ya mvuu, ndipo 23 pa 100 ananena poyera kuti akadzapezanso mvuu yakufa adzadya ndithu, ambiri mwa iwo n'kutchula kusowa kwa chakudya. Anthuwa sanali mbuli. Anali ataona zilonda pa matupi a anansi awo, ena ataika maliro, ndipo phunziro loposa limenelo kulibe. Anaika pa sikelo matenda omwe mankhwala ake amapezeka kuchipatala ndi njala yomwe inalibe mankhwala, n'kusankha. Sindikunena kuti mliriwu unabwera ndi kusintha kwa nyengo. Ndikunena kuti chilimwe chotalika ndi nkhokwe zopanda kanthu ndi zimene kusintha kwa nyengo kukuchulukitsa, ndipo wokhulupirira kuti chikwangwani ndi msonkhano wa pansi pa mtengo zingasinthe khalidwe la munthu wanjala ayambe waona manambala amenewa. N'chimodzimodzinso ndi mbewu. Mlimi angamvetse bwino kuti chaka cha El Niño mapira ndiwo odalirika, koma poti thandizo la boma la zipangizo zaulimi, lomwe linayamba mu 2002 ndipo lero timaliti FISP, lakhala likutsamira pa chimanga, ndipo msika wotsimikizika wa bungwe la boma logula zokolola la FRA nawonso ndi wa chimanga makamaka, iye adzabzala chimanga basi.

Chitsutsochi n'choona, koma chimene chikugwetsa ndi maphunziro oyenda okha, opanda chogwirika m'manja. Chigwa cha Luangwa chomwecho chili ndi chitsanzo cha mbali inayo. Bungwe la COMACO, lomwe Dale Lewis anayambitsa mu 2003, linayamba ndi kuvomereza kuti munthu amatchera khwekhwe chifukwa kunyumba kulibe chakudya. Limaphunzitsa alimi kudzera mwa alimi anzawo otsogolera, m'magulu a m'midzi ndi pa pulogalamu ya pa wailesi ya Farm Talk: kupanga manyowa, kusatentha mapesi, kuweta njuchi, kubzala mitengo ya gliricidia m'mizere pakati pa mbewu kuti masamba ake abwezere chonde m'nthaka, nthambi zake n'kukhala nkhuni. Kenako limagula zokololazo n'kuzigulitsa ndi dzina la It's Wild!, ndipo mpunga wa ku Chama ndi umodzi mwa malonda ake odziwika. Alenje ambiri apereka mfuti ndi makhwekhwe awo mwa njira imeneyi. Phunzirolo limamveka chifukwa kumapeto kwake kuli wogula ndi ndalama. Pulojekiti ya SCRALA, yomwe thumba la Green Climate Fund linaivomereza mu 2018 ndi madola 32 miliyoni, ndipo Chama linali limodzi mwa maboma ake 16, nayo inamanga pamodzi uthenga wa zanyengo, mbewu, ziweto ndi misika. Tisakokomeze. Ulimi wa m'maenje, womwe Kum'mawa amautcha gamphani, waphunzitsidwa zaka zambiri, ndipo ofufuza apeza kuti alimi ochuluka amauyamba n'kuusiya, poti kukumba maenje m'nthaka youma ya mu Okutobala ndi kupalira kowirikiza ndi ntchito yowawa yomwe kawirikawiri imagwera amayi. Koma ngakhale pamenepa, amene angayese njira yatsopano pa kachigawo ka munda, kulemba matumba amene wakolola uku ndi uku, n'kuweruza yekha ngati thukutalo lapindula, ndi mlimi wodziwa kulemba ndi kuwerengera. Winayo amangotsatira wa pulojekiti akakhalapo, n'kusiya akachoka.

Palinso oti sukulu ndi yochedwa: mwana woyamba giredi 1 chaka chino adzakhala ndi munda wake patapita zaka khumi ndi zisanu, pomwe chilala chafika kale pakhomo. Pali choona pamenepa, koma si chonse. Maphunziro sathera pa ana. Mlangizi wa zaulimi, wailesi, tchalitchi, gulu la amayi losunga ndi kubwereketsa ndalama, ngakhale bwalo la mfumu pa mwambo wa Kwenje, monsemu akuluakulu amaphunziramo zinthu zomwe phindu lake limaoneka dzinja lomwelo. Komanso m'nyumba zambiri za kumudzi mwana wasukulu ndiye amawerengera makolo uthenga wa pa foni ndi malangizo a pa botolo la mankhwala a ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinalowa m'Zambia chakumapeto kwa 2016. Ndipo kutentha kumene asayansi akuyembekezera m'zaka za m'ma 2040 kudzapeza ana a lerowa ali eni minda, choncho kuchedwako n'chifukwa choyambira msanga.

Chimene sichikambidwa mokwanira n'chakuti nyengo yomweyo ikugumula sukulu imene tikuidalirayo. Bungwe la UNICEF linawerengera kuti mu 2024 ana asukulu osachepera 242 miliyoni m'mayiko 85 anasokonezedwa maphunziro ndi kutentha, madzi osefukira kapena mphepo zamkuntho. Namondwe wa Freddy atagunda kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, masukulu anatsekedwa ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya othawa madzi. Ku Zambia mliri wa kolera unachedwetsa kutsegulira masukulu mu 2024 kuchoka pa 8 Januwale kufika pa 12 Febuluwale. Ku Chama kusokonezekaku sikudikira namondwe wodziwika ndi dzina. Teremu yoyamba imagwa pakati pa dzinja, pamene mitsinje yothira mu Luangwa yadzaza, ndipo kamtsinje kamene mu Ogasiti ndi mchenga wokhawokha kamatha kutsekereza ana kutsidya masiku angapo. Palibe kholo lingalole mwana wa giredi 2 kuwoloka madzi ofika m'chiuno momwe mungakhale ng'ona. Miyezi yomweyo ndiyo ya njala, ndipo mpunga ukayamba kucha ana amafunika kudambo kukaingitsa mbalame. Chaka chikaipa, woyamba kusiya sukulu amakhala mtsikana: amatunga madzi kutali, amapita ku ganyu, kapena amakwatiwitsidwa kuti pakhomo pachepe odya. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti amayi 29 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 m'Zambia anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Malamulo alipo. Kuyambira 1997 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo lamulo la mu Disembala 2023 linaletsa ukwati wa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale wa pachikhalidwe. Maphunziro aulere omwe anayamba mu Januwale 2022, pamodzi ndi kulembedwa ntchito kwa aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, anabweza ana ambiri m'kalasi. Koma kuchotsa fizi sikuwolotsa mwana pa mtsinje, sikumudyetsanso. Ngati zimene Lutz ndi anzake anapeza zili zoona, ndiye kuti kamlatho, phala la kusukulu, mjigo, nyumba yoti mphunzitsi akhazikikemo ndi malo ogona atsikana a kusekondale ndi ntchito zolimbana ndi kusintha kwa nyengo, ngakhale malipoti sazitchula choncho.

Otsutsa omaliza amati wophunzira sakhala kumudzi. Sukulu ikayenda bwino, ana anzeru onse adzathera ku Chipata, ku Lusaka ndi kumigodi. Ena adzapitadi, ndipo si tsoka ayi. Banja lomwe lili ndi mwana wolandira malipiro kutali ndi chigwa limakhala ndi poyang'ana munda ukapserera, poti ndalama yotumizidwa pa foni mu Febuluwale siidalira mvula ya kwa Tembwe. Koma pali chifukwa china chimene anthu a ku Chama akufunira ana awo ophunzira, ndipo n'chatsopano. Nkhalango za m'chigwa cha Luangwa zasanduka malonda. Makampani ndi mabungwe monga BioCarbon Partners ndi COMACO yomweyo amagwirizana ndi madera a mafumu kuti asunge mitengo, n'kugulitsa kunja umboni wa mpweya wa kaboni umene mitengoyo yasunga. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi kupanga magulu oyang'anira nkhalango zawo, ndipo m'madera osungirako nyama muli kale makomiti a CRB olandira gawo la ndalama za ulenje. Ndalama zimenezi zingamange makalasi ndi zipatala. Koma mapangano a kaboni ndi a zaka makumi angapo, olembedwa m'Chingelezi cha maloya, ndipo amanena za matani omwe palibe angawaone ndi maso. Ndani pamudzi angafunse kuti tani imodzi yagulitsidwa madola angati, magawo angati afika kwa anthu, nanga mdzukulu akadzafuna munda watsopano adzaupeza kuti? Mudzi wopanda munthu wotha kuwerenga pangano ndi kuwerengera maperesenti umadinda chala n'kumadikira chifundo cha wogula, ngakhale wogulayo atakhala wachilungamo chotani.

Silabasi yatsopano yomwe inayamba mu 2025 ikulonjeza kutsindika luso lochita zinthu m'malo moloweza, ndipo lonjezolo likakwaniritsidwa, kope la mvula, dimba la sukulu ndi nazale ya mitengo zidzapeza malo m'menemo. Koma zambiri mwa zofunika ku Chama sizikudikira Lusaka. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni pa dera lililonse, kutanthauza kuti Chama North ndi Chama South pamodzi zinaikidwira ndalama zoposa K72 miliyoni chaka chimenecho. Mapulojekiti ake amayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, momwe mumakhala anthu a m'midzi momwemo. Inu makolo, mafumu, aphunzitsi ndi makhansala a ku Chama, pa msonkhano wotsatira wosankha mapulojekiti mukafunse kuti ndi masukulu ati amene ana amalephera kufikako mu Januwale ndi Febuluwale, ndi ana angati a giredi 4 amene angawerenge ndime imodzi n'kuifotokoza, ndiponso ndi atsikana angati omwe anasowa m'kalasi chaka cha njala osabwereranso. Ndalamazo ziyambire pa mayankho amenewo.